Tsitsi Lopotana la Mwana: Kasamalidwe ndi Kalukidwe Kake

Tsitsi lopotana ndi tsitsi limene limamera mopindikapindika m'malo mogwa chowongoka. Ndilo limene ana ambiri a ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi mayiko ena a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ali nalo. Kwa ena limapota mofewa, kwa ena limakulungana mothinana kwambiri moti chipeso chimakana kudutsa. Likakhala lambiri, lakuda bii ndi lathanzi, akuluakulu amalitama kuti ndi tsitsi lamzindo. Kasamalidwe kake pamutu pa mwana kamasiyana ndi ka munthu wamkulu chifukwa khungu la mwana ndi lanthete, tsitsi lake limazuka msanga, ndiponso mwiniwakeyo sasankha yekha zoti achitidwe pamutu.

Mmene tsitsili lilili

Tsitsi lililonse limaphuka m'kathumba kamene kali mkati mwa khungu. Kathumbako kakakhala kowongoka, tsitsi limatuluka lowongoka. Kakakhala kokhota, tsitsi limatuluka lophwatalala pang'ono ndi lopota, ndipo zimenezi mwana amatengera kwa makolo. Pali zinthu ziwiri zimene zimatsatirapo. Choyamba, mafuta amene khungu la pamutu limatulutsa amavutika kuyenda m'makhotomakhoto kukafika kunsonga, n'chifukwa chake tsitsili limauma msanga. Chachiwiri, pamene pali khoto ndi pofooka, ndipo m'pamene limathothokera likamapesedwa louma.

Kafukufuku amene Geneviève Loussouarn anafalitsa mu 2001 anapeza kuti tsitsi la anthu a ku Africa limakula pang'onopang'ono poyerekeza ndi la azungu, osakwana sentimita imodzi pamwezi. Likanyowa n'kuuma limafupikanso kwambiri, moti tsitsi loti likakokedwa lifika paphewa limaoneka ngati lathera m'makutu. Makolo ambiri amadandaula kuti tsitsi la mwana wawo silikula, pamene likukula ndithu koma likuthothoka kunsonga pa liwiro lomwelo.

M'masaluni ndi pa intaneti anthu amatchula tsitsi ndi manambala monga 3B kapena 4C. Kagawidwe kameneka kanachokera kwa Andre Walker, amene ankakonza tsitsi la Oprah Winfrey ku America, ndipo anakalemba m'buku mu 1997. Kamathandiza pogula mafuta, koma pamutu umodzi pamatha kupezeka mitundu iwiri kapena itatu.

Tsitsi loyamba

Ana ambiri amabadwa ndi tsitsi lofewa, loterera, nthawi zina lowongoka. Limeneli limayoyoka lokha m'miyezi yoyambirira, ndipo lopotana limabwera pambuyo. M'madera ambiri a Achewa ndi Amang'anja, mwana amametedwa tsitsi lobadwa nalo mchombo ukagwa, pomutulutsa m'chikuta. Mabanja achisilamu amameta mwana tsiku lachisanu ndi chiwiri, pa mwambo womutcha dzina. Tsitsi lometedwalo silitayidwa chisawawa: ena amalikwirira, ena amaliponya m'chimbudzi poopa kuti anthu oipa angalitole. Anthu amakhulupiriranso kuti kumeta mpala kumachulukitsa tsitsi. Lumo silifika kumizu, choncho silingawonjeze tsitsi ngakhale limodzi. Lomera kumenelo limangomveka lokhakhala chifukwa nsonga zake n'zodulidwa. Pometa khanda pafunika lezala latsopano ndi dzanja lodekha, makamaka paliwombo, pamene mafupa samalumikizana mpaka mwana atapitirira chaka, kawirikawiri pofika miyezi 18.

Kutsuka ndi kupesa

Kutsuka kamodzi pamlungu kumakwanira, pokhapokha mwana atasewera mumchenga kapena kusambira m'nyanja. Sopo wochapira zovala ndi waukali, amachotsa mafuta onse n'kusiya tsitsi lili gwa. Sopo wofewa wosambira kapena shampu ya ana ndi wabwinopo, ndipo chotsukidwa kwenikweni ndi khungu, potikita ndi nsonga za zala, zikhadabo ayi. Kale amayi ankafikisa masamba a chewe m'madzi n'kusambitsira m'mutu. Madziwo amaterera ngati therere, ndipo kutererako n'komwe masiku ano anthu amakugula m'mabotolo olembedwa kuti conditioner.

Chonyowetsa tsitsi ndi madzi. Mafuta ntchito yake ndi kutsekera madziwo kuti asauluke msanga, choncho amapakidwa tsitsi likadali lachinyontho. Kupaka Vaseline wambiri patsitsi louma kumangolinyezimiritsa ndi kuitana fumbi. Mafuta a nsatsi, amene agogo athu ankayenga okha pokazinga ndi kusinja njere zake, akugwirabe ntchito mpaka lero, koma njerezo ndi zapoizoni ndipo ziyenera kukhala kutali ndi ana. Ena amagwiritsa ntchito mafuta a kokonati, a mapeyala kapena a malambe. Pang'ono chabe pachikhatho n'pokwanira.

Misozi yambiri imagwa popesa, ndipo nthawi zambiri cholakwa n'chimodzi: kulowetsa chipeso cha mano othinana kumizu ya tsitsi louma n'kukoka. Njira yosapweteka ndi kuwaza madzi, kugawa tsitsi m'magawo anayi kapena asanu ndi limodzi, kumasula mfundo ndi zala, kenako n'kutenga chipeso cha mano otalikirana. Kupesa kumayambira kunsonga n'kumatsikira kumizu, dzanja lina litagwira tsitsilo patsinde kuti khungu lisakokeke. Usiku, duku loterera kapena nsalu yoterera papilo imateteza tsitsi kuti lisakhuzike, koma khanda siligonekedwa ndi chomanga kumutu.

Malukidwe a kwathu

Apa m'pamene pali luso lenileni, ndipo ambiri amene ali nalo sanalipeze kusukulu. Loweruka masana kapena Lamlungu anthu ataweruka kutchalitchi, pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, mwana amakhala pamphasa pakati pa miyendo ya amayi ake, azakhali kapena mkulu wake. Wolukayo amalemba mzere ndi mchira wa chipeso kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo, mafuta ali kuseri kwa dzanja lamanzere, ulusi uli pakamwa. Atsikana amaphunzira poonerera, n'kumayeserera pa ndevu za chimanga ndi paudzu asanakhudze mutu wa mnzawo.

Zingongo ndizo zoyambira: tsitsi limagawidwa m'timabwalo, gawo lililonse n'kulipota kapena kuliluka palokha. Zimatheka ngakhale tsitsi lili lalifupi, sizitenga nthawi, ndipo zikamasulidwa tsitsi limakhala lofewa losavuta kupesa. Kumanga ndi ulusi ndi luso lina lakale. Woluka amakulunga ulusi wakuda kuchokera patsinde mpaka kunsonga, timichira timeneti n'kutisiya titaima njo, kapena kutipinda ndi kutilumikiza pamwamba pa mutu. Ayoruba a ku Nigeria amadziwika kwambiri ndi kamangidwe kameneka. Ubwino wake ndi wakuti kamatambasula tsitsi popanda moto kapena mankhwala, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti m'matauni ena ayamba kukaona ngati kachimidzi. Pali kuluka kwa mizere yogona pakhungu, yolunjika kumbuyo, yokhotakhota kapena yokumana pakati pa mutu. Pali kungomanga timitolo tiwiri ndi maliboni. Pa Khirisimasi, pa Idi ndi paukwati, ana amawonjezeredwa meshi ndi mikanda kunsonga. Mikandayo siyenera mwana wamng'ono amene amaika chilichonse m'kamwa. Anyamata ambiri amangometedwa ndi makina, ena n'kuwasiyira tsumba kapena kuwalembera seda.

Kuluka kumapumitsa tsitsi ku chipeso cha tsiku ndi tsiku. Kwa mwana, milungu iwiri kapena itatu ndi yokwanira, kenako amasulidwe, atsukidwe, apume masiku angapo.

Kukoka ndi mankhwala owongola

Mwana akati, "Amayi, zikuwawa," yankho lozolowereka ndi lakuti, "Pirira iwe, ukufuna kutchena." Madokotala a khungu sagwirizana nalo yankho limeneli. Zoluka zothina zimaonekera: khungu la m'mbali mwa mphumi limakokeka, timatuza timatuluka m'mizere, mwana amalephera kugoneka mutu papilo. Zikabwerezedwa, tsitsi la kutsogolo ndi la pamwamba pa makutu limayamba kutha. Poyamba limameranso akasiya kukoka, koma pakapita zaka mizu imafa n'kusiya dazi losachiritsika. Nonhlanhla Khumalo, dokotala wa khungu wa pa yunivesite ya Cape Town, anayeza ana asukulu oposa 1,000 ku Langa, dera la mumzinda womwewo, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2007 zinasonyeza kuti atsikana pafupifupi 17 pa 100 alionse anali atayamba kale kutha tsitsi motere. Vutoli linali lochuluka mwa amene anathiridwa mankhwala owongola tsitsi.

Ambiri mwa mankhwala amenewa ali ndi sodium hydroxide, soda waukali yemwe amapangira sopo. Amawongola tsitsi pothyola mphamvu yake ya mkati, ndipo akakhalitsa amawotcha khungu n'kusiya zilonda. Ngakhale amene amagulitsidwa ndi chithunzi cha kamtsikana pabokosi ndi aukali ndithu. Chipeso chamoto nacho chasiya zipsera pamakutu ndi pankhongo za ana ambiri. Palibe chifukwa cha umoyo chothirira mwana mankhwalawa.

Matenda a pamutu

Chipere ndicho chofala kwambiri mwa ana a kupulayimale. Chimaoneka ngati bwalo lotuwa pamene tsitsi lathothoka, ndipo chimafalikira kudzera m'zipeso, zipewa, mapilo ndi makina ometera osatsukidwa. Chipere cha m'mutu sichimva mankhwala opaka okha chifukwa chimalowa m'tsitsi momwe. Chimafuna mankhwala akumwa, monga griseofulvin, kwa milungu 6 mpaka 8, olembedwa kuchipatala. Nsabwe siziyenera kuthiridwa parafini kapena mankhwala a m'munda, amene avulazapo ana. Tsitsi likasanduka lofiirira, lopyapyala ndi lozuka mosavuta, makamaka mwana akamatupa mapazi, ndi chizindikiro cha kunyentchera, ndipo mwanayo apite naye kuchipatala msanga.

Mbiri yake ndi nkhani ya kusukulu

Chipeso cha mano ataliatali ndi chida chakale kwambiri. Zofukulidwa ku Egypt ndi Sudan zili ndi zaka zoposa 5,000, ndipo mu 2013 nyumba yosungira zakale ya Fitzwilliam ku Cambridge inachita chionetsero cha zipeso zimenezi. Kuwongola tsitsi kunakula ku America, kumene tsitsi la anthu akuda linkanyozedwa kuyambira nthawi ya ukapolo. Madam C.J. Walker, amene anamwalira mu 1919, analemera ndi malonda a mafuta a tsitsi ndipo anatchukitsa chipeso chamoto. Garrett Morgan anatsegula kampani ya mankhwala owongola tsitsi ku Cleveland mu 1913. M'zaka za m'ma 1960 zinthu zinatembenuka: achinyamata akuda anayamba kusunga tsitsi lachibadwa monyadira, ndipo woimba Miriam Makeba wa ku South Africa ankaimba m'mayiko akunja ndi tsitsi lake lalifupi losawongola. Mu 2019 boma la California linakhazikitsa lamulo lotchedwa CROWN Act loletsa kusala munthu kuntchito kapena kusukulu chifukwa cha tsitsi lachibadwa. Chaka chotsatira, kafilimu ka Matthew Cherry kotchedwa Hair Love, konena za bambo amene akuphunzira kukonza tsitsi la mwana wake wamkazi, kanalandira mphotho ya Oscar.

Kuno kwathu nkhaniyi yazungulira kwambiri pa malamulo a sukulu. M'nthawi ya ulamuliro wa Kamuzu Banda amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali, ndipo ngakhale alendo ankatha kumetedwa polowa m'dziko. Sukulu zambiri za boma zimafuna kuti ana, anyamata ndi atsikana omwe, azimeta, ati pofuna ukhondo ndi kuti wolemera ndi wosauka azioneka chimodzimodzi. Sukulu zambiri zoyima pazokha zimalola kuluka. Amene anavutika kwambiri ndi ana a Chirasta, omwe kwa zaka zambiri ankabwezedwa pakhomo pa sukulu chifukwa cha madiredi. Khoti lalikulu kwambiri ku Zimbabwe linagamula mokomera mwana wotere mu 2007. Ku South Africa, mu 2016, atsikana a pa Pretoria High School for Girls anachita zionetsero podandaula kuti ankauzidwa kuwongola tsitsi lawo. Ku Malawi, pa 8 May 2023, Justice Zione Ntaba wa khoti lalikulu ku Zomba anagamula kuti kukaniza mwana sukulu ya boma chifukwa cha madiredi n'kuphwanya malamulo oyendetsera dziko, ndipo analamula unduna wa zamaphunziro kudziwitsa sukulu zonse pofika pa 30 June chaka chomwecho.

Zikuoneka kuti mmene mwana amagwiridwira ndi kulankhulidwira pomupesa zimakhudza mmene adzaonere tsitsi lake akadzakula. Amene amamva tsiku ndi tsiku kuti tsitsi lake ndi louma, lovuta, lothyola zipeso, sachedwa kupempha mankhwala. Zofunika zenizeni n'zotsika mtengo: madzi, mafuta pang'ono, chipeso cha mano otalikirana ndi nthawi. Ndipo zoluka zimene zikumuwawa mwana zimasulidwe tsiku lomwelo, ngakhale ndalama ya kusaluni italipidwa kale.