Wosewera akagwa pagalaundi ya sukulu: zomwe zimapha komanso zoyenera kuchita

Mpira wa masukulu timaukonda kuno ku Mangochi. Kaya ndi ku Namwera, ku Monkey Bay, ku Makanjira kapena pa boma pompano, sekondale ziwiri zikakumana galaundi imadzaza. Koma pamasewera ambiri oterewa sipakhala dokotala kapena ambulansi. Wosewera akagwa, oyamba kufika ndi ife: anzake, refa ndi aphunzitsi. Mwendo wothyoka aliyense amauona. Zoopsa kwambiri ndi zomwe sizioneka.

Mtima kuima mwadzidzidzi

Pa 26 June 2003, Marc-Vivien Foé wa timu ya Cameroon adagwa pakati pa galaundi ku Lyon, France, popanda womugunda. Adamwalira ali ndi zaka 28, ndipo madokotala adapeza kuti adali ndi vuto la mtima. Christian Eriksen wa Denmark naye adagwa chimodzimodzi pa 12 June 2021 ku Copenhagen, koma adapulumuka chifukwa adayamba kumupopa pachifuwa nthawi yomweyo, kenako adadzutsa mtima wake ndi makina a magetsi.

Ndiye mnzako akagwa yekha, sakuyankha, sakupuma bwino, usataye nthawi kumupepesera ndi jezi kapena kumukoka lilime. Mugoneke chagada, sanjikiza manja pakati pa chifuwa, udinikize mwamphamvu kulowa masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi. Wina athamangire galimoto, iwe osasiya. Amene adakomokapo akuthamanga, kapena amamva kuwawa pachifuwa, akayezetse kaye kuchipatala asanavalenso jezi.

Kugundana mitu

Awiri akalumphira mpira umodzi n'kuombana mitu, ubongo umagwedezeka ngakhale magazi asatuluke. Zizindikiro zake ndi chizungulire, kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri, mutu kuwawa komanso kuiwala kuti zigoli zili bwanji. Wotereyu atuluke ndipo asabwererenso tsiku limenelo, olo akhale sitiraika wodalirika. Zoti “dzuka, ndiwe mwamuna” ayi. Kugundidwanso ubongo usanachire kungathe kupha. Nchifukwa chake mu 2024 bungwe lopanga malamulo a mpira la IFAB lidavomereza kuti mipikisano izilola kusintha wosewera wina wapadera wina akavulala mutu.

Khosi ndi msana

Akamadandaula khosi, kapena akuti manja ndi miyendo zachita dzanzi, musamunyamule ngati thumba la chimanga, musamukwezenso pa kabaza. Mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke, mumusunthire pa thabwa kapena chitseko, mutu ndi thupi zili mzere umodzi. Kunyamula molakwika kungamupuwalitse moyo wonse.

Dzuwa la kunyanja

Mu October ndi November kuno kumatentha kupitirira madigiri 35. Kusewera 2 koloko masana wopanda madzi n'kuika moyo pachiswe. Wosewera akayamba kudzandira, kuyankhula zosamveka, thupi lili moto, mupititseni pamthunzi, mumuvule jezi, mumuthire madzi ozizira thupi lonse kwinaku mukusaka transipoti. Ngati wakomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe.

Malungo ndi kapamba

Malungo amatupitsa kapamba, ndipo kapamba wotupa akhoza kuphulika ndi bondo kapena chigongono cha m'mimba. Magazi amatayikira mkati. Ngati wagundidwa kumanzere pansi pa nthiti, kenako akufooka ndi kutuluka thukuta lozizira, thamangirani ku Mangochi District Hospital kapena chipatala chapafupi. Thupi likutentha? Khala pa benchi, aise.

Mphenzi

Nthawi ya dzinja, mabingu akangomveka refa aimitse masewera. Thawirani m'kalasi, osati pansi pa mtengo wa mango kapena pafupi ndi zitsulo za pagolo. Dikirani mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza.

Wezulo isanalire

Makaputeni, funsani izi: madzi akumwa alipo? Galimoto yothamangira kuchipatala ndi ya ndani, nambala yake ali nayo ndani? Ndani pano amadziwa kupopa pachifuwa? Miyala ndi magalasi zatoledwa, maenje akwiriridwa? Ngati yankho palibe, auzeni aphunzitsi a zamasewera gemu isanayambe. Tumizaninso izi mu gulupu ya timu yanu pa WhatsApp.