Dothi lakuda la agogo linapita kuti?

Abale anga, dzulo ndikukonza mizere khasu linalira ngati lagunda mwala. Ndinaima kaye nkukumbukira kuti munda womwewu, kuno ku Kasungu, agogo anauswa mphanje muli misuku yokhayokha. Ndili mwana dothi lake linali lidakali lakuda bii, lofewa, nyongolotsi zili mbwee. Lero ndi katondo wofiira.

Kuda kuja sanali matsenga ayi. Anali masamba, udzu ndi mizu zimene zinaolerana zaka zambiri pamthunzi. Alangizi amati kaboni, ife timangoti chonde. M'dothi muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zoolazo, ndipo zikadyedwa zimauluka ngati mpweya. Pozizira timadya pang'onopang'ono. Koma dothi likatentha, chinyezi chilipo, timadya mwaliwiro, monga ndiwo zimasasira msanga mu Okutobala. Khasu likamatembenuza dothi chaka ndi chaka, mpweya umalowa, ndiye tizilomboto talimbikiranso kudya.

Agogo ankalima matutu, udzu nkukwirira m'kati. Munda ukatopa ankausiya tsala, tchire nkubwezera chonde. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linakakamiza mizere, okana ankalipitsidwa, ena kumangidwa kumene. Mizere inaletsa madzi kukokolola nthaka, zimenezo sindikana. Koma tsala linatha. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. M'ma 1970 maesiteti a fodya anatenga malo ambiri kuno, mitengo nkuthera m'mabalani. Munda umodzi tinayamba kuulima osaupumitsa, dzuwa likuuwotcha ulibe chofunda.

Nanenso ndili ndi mlandu. Mapesi ndinkasonkhanitsa nkuyatsa moto, ati kuyeretsa munda, anyamata nkumakumba mbewa. Makuponi atabwera mu 2005 tinakolola ndithu, nkuiwala kuti feteleza amadyetsa chimanga, sabwezera zoola m'dothi. Pano thumba lakwera mtengo, nthenda yaonekera poyera.

Zaka zinayi tsopano sinditentha mapesi, ndimayala m'munda. Misangu ikamera ndimaisiya, poti imayoyola masamba nthawi ya mvula. Pansi pa mapesipo ukapisa dzanja masana pamakhala pozizira, ndipo nyongolotsi zayamba kubwerera. Kuda kwenikweni sikunafike, chonde chimachoka msanga koma kubwera chimachedwa.

Inu a kwathu, pomwe mukulima lero panali chiyani nthawi ya agogo anu? Tandiuzeni.