Nsingo, Mwana wa Mpezeni

Ife a kuno ku Dambe tikamka ku boma timati tapita ku Mchinji, koma makolo athu ankati ku Fort Manning. Ndi ocepa mwa ife amene afunsa kuti dzinalo linadza bwanji. Tsono tikambe za Nsingo, pakuti mbiri yace ndi mbiri ya dzinalo ziri pamodzi.

Angoni anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, tsiku lija dzuwa linada, mtsogoleri wao ndiye Zwangendaba. Atamwalira iye mtundu unagawika, ndipo mwana wace Mpezeni anadzakhala ndi anthu ace kumene kuli Chipata lero. Tisabise kanthu: nkhondo zao zinasautsa Acewa ndi Ansenga, ndipo ambiri a makolo athu anagona m'mapiri cifukwa ca iwo.

Pambuyo pace kunafika Mjeremani wamalonda, dzina lace Carl Wiese. Iyeyu anapalana ubwenzi ndi Mpezeni, nalandira kwa iye kalata ya cilolezo. Kalatayo inapitirira kufikira inalowa m'manja mwa North Charterland Exploration Company, Azungu amene anakhulupirira kuti m'dzikomo muli golidi. Mpezeni anali wokalamba, nafuna kukhala nao bwino alendowo. Koma Nsingo, pokhala mkuru wa ankhondo, anaona Azungu alikumanga malinga, nayendayenda m'dziko monga eni ace. Anazindikira kuti cimene atate wace anaciyesa ubwenzi, iwo anaciyesa malonda.

Cifukwa cace m'mwezi wa December 1897 ankhondo ace anazinga Wiese ndi anzace pa Fort Young. Pomwepo boma la ku Zomba linatumiza asilikari, ena a dziko lino, ena Asikhi a ku India, ali ndi mizinga ndi mfuti za Maxim. Mmodzi wa akuru ao ndiye William Manning, mwini dzina lija. Angoni anadza ndi nthungo ndi zishango monga anazolowera, koma zipolopolo zinawagwetsa asanafike pafupi. Midzi inatenthedwa, otsala anabalalikira m'mapiri, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. M'mwezi wa February 1898 Nsingo anagwidwa, naweruzidwa ndi asilikari, naphedwa ndi mfuti. Mpezeni anadzipereka, ndipo anamsunga ku Fort Manning monga caka cimodzi. Atabwerera kwao anamwalira m'caka ca 1900.

Kodi cinatsala nciani? Acewa ambiri anapuma, pakuti anayamba kulima opanda mantha, ndipo sitiwatsutsa. Koma posacedwa msonkho wa nyumba unagwera Mngoni ndi Mcewa cimodzimodzi, ndipo anyamata a mitundu yonse iwiri anamka ku Harare kukafuna ndarama. Cimene Nsingo anaciopa cinacitikadi: nthaka yabwino ya tsidya lija la malire inakhala ya kampani, anthu napanikizana m'malo ouma, kufikira m'caka ca 1941 pamene boma linaombola mbali yaikuru ya dzikolo. Gule wa Ncwala, wolawa zipatso zoyamba, analekeka nkhondo itatha, nadzukanso m'caka ca 1980. Lero acitika ku Mtenguleni mwezi wa February, ndipo Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni muno m'Mchinji amkako kukabvina ndi abale ao.

Abale, sitinena kuti Nsingo anali wopanda cirema, pakuti nthungo zimene anaimika pamaso pa Azungu zinalasa kale anthu athu. Koma pamene akuru anakhulupirira kalata imene sanathe kuiwerenga, iye anaona kuti nthaka irinkucoka, nataya moyo wace poikaniza. Ife tidziwa kuwerenga. Munthu akadza ndi pepala kudzafuna munda kapena dambo la mudzi, tiliwerenge lonse pabwalo, anthu onse alikumva, tisanaikepo cala.