Za Cimaba ndi Zinenero Zinzace

Aphunzitsi anzathu, mwezi uno tikambe za cinenero ca anthu akutali, kuti tione umo ubale wa zinenero uzindikirikira. Kum'mawa kwa dziko la Chad, kumene mvula icepa ndi anthu adalira zitsime, kuli dera lochedwa Wadai. Eni ace ndiwo Amaba, ndipo cinenero cao acicha bura mabang, ndiko kunena mau a Amaba.

Ngati caka ca 1635, Abd al-Karim anagonjetsa mafumu a Atunjur, nakhazika ufumu wa Cisilamu, namanga mzinda wace ku Wara. Mfumu ya dzikolo inachedwa kolak, ndipo panali mwambo wakuti munthu asalowe ufumu ngati amace sali wa mafuko omveka a Amaba. Kotero mfumu iri yonse inayamwa Cimaba pamodzi ndi bere, cingakhale makalata ndi mapemphero anali m'Ciarabu. Pambuyo pace, madzi atacepa ku Wara, mafumu anasamukira ku Abéché, mzinda umene Afalansa anaulanda m'caka ca 1909.

Tsono popeza Cimaba cakhala pafupi ndi Ciarabu zaka mazana, catengako mau ambiri, makamaka a cipembedzo ndi a malonda. Mlendo womva mau otere angayese kuti ziwirizi ndi pacibale, koma iai. Ifenso tinatenga mau akuti nsapato kwa Apwitikizi, osasanduka abale ao. Ubale weniweni upezeka m'mafupa a cinenero, ndiwo mamangidwe a mau, pakuti amenewo sabwerekedwa msanga.

Taonani mafupa a Cimaba. Mneni akhala kotsiriza, monga ife tikadati, Mkazi madzi atunga. Magulu a maina onga athu a mu- ndi a-, kapena ci- ndi zi-, mulibe. Koma maina ambiri pa okha anena za zinthu zocuruka, ndipo pofuna kunena cimodzi aonjeza kacidutswa kumapeto. Makhalidwe otere, pamodzi ndi mau akale ofanana, aonekanso m'Cimasalit, colankhulidwa tsidya lino ndi tsidya lija la malire a Chad ndi Sudan, ndi m'Cirunga ndi Cikibet ca kumwera, ndi m'Cikaranga ndi Cimarfa, zoyandikana ndi Cimaba ceniceni. Zonsezi ndi ana a mai mmodzi.

Kuzindikira kumeneku kunadza pang'onopang'ono. Gustav Nachtigal anafika ku Wadai m'caka ca 1873 nalemba za mitundu yace. Georges Trenga anasindikiza buku la Cimaba m'caka ca 1947. Ndipo m'caka ca 1963 Joseph Greenberg anaika banja lonseli m'fuko lalikuru limene analicha Nilo-Saharan, ngakhale akatswiri atsutsanabe za fukolo kufikira lero.

Masiku ano banjali liri pa mayeso. Ciarabu ca ku Chad ndico ca pamsika ndi m'mizinda, ndipo ana ena akula osadziwa ca makolo. Nkhondo za ku Darfur, kuyambira 2003, ndiponso m'caka ca 2023 ku El Geneina, zinapha Amasalit ambiri, ndi kuthawitsira unyinji wao ku Chad. Cinenero cimene cinamveka m'bwalo la mafumu citsala ndi mlonda mmodzi, ndiye mai wolankhula ndi mwana wace. Mphunzitsi ali yense, poima pamaso pa ana, akumbukire kuti mau amene abwera nao kucokera kwao ali ndi mbiri yace, ndipo asawapeputse.