Ndowe za Ng'ombe ndi Fosiforasi wa M'munda

Kalekale, anthu asanadziwe dzina la chakudya chimene mizu imafunafuna pansi, alimi anali atapenya kale kuti mbewu zimakondwa koposa pamalo pamene panali khola. Ndipo Columella wa ku Roma, amene anakhala m'masiku a atumwi, analemba malangizo a kasungidwe ka ndowe, monganso wosamala munda wa m'fanizo la mkuyu wosabala anapempha mbuye wake chaka chimodzi chakuti aukumbire ndi kuuthira ndowe.

Chakudyacho, ndicho fosiforasi, anachitulukira Hennig Brand ku Hamburg mu 1669, koma chinazindikirika bwino monga chosowa cha mbewu pamene Justus von Liebig anafalitsa buku lake mu 1840. Patapita zaka ziwiri, John Bennet Lawes wa ku England analandira chilolezo chopanga feteleza posungunula mafupa ndi asidi. Ndipo munthuyu, ngakhale anali wamalonda a feteleza, sananyoze khola ayi, pakuti mu 1843 anapatula ndime ya tirigu ku Rothamsted, imene kufikira lero imalandira matani 35 a manyowa pa hekitala chaka ndi chaka, nibereka mofanana ndi ndime za feteleza. Zoonadi, mawu a akulu akoma akagonera.

Komabe dziko linatembenukira ku miyala ya fosifeti, imene yochuluka ili ku Morocco, kufikira mtengo wake unakwera koopsa mu 2008. Pamenepo ophunzira anakumbukiranso kuti ng'ombe simalenga fosiforasi, koma imamutola mu msipu nimutula m'khola, wambiri mwa iye ali m'ndowe osati mumkodzo. Ndiponso kuti wothira manyowa ochuluka pofuna nayitrojeni amakundika fosiforasi wopyola muyeso, amene akakokoloka amawononga mitsinje. Ndicho chifukwa chake dziko la Netherlands, lodzala ndi ng'ombe zamkaka, linaika malire a fosifeti pa makola mu 2018.

Kuno kwathu vuto ndi lina. Dothi lofiira la katondo limamanga fosiforasi kuti mizu isamufikire, chimanga chanthete nichifiira masamba. Manyowa owola bwino amamasula wina mwa womangidwayo, ntchito imene feteleza wokulitsa sachita payekha. Chondimvetsa chisoni n'chakuti mabanja ambiri alibe ng'ombe, ndipo ngakhale ku Mzimba ndi ku Ntcheu, kumene Angoni aweta ng'ombe mibadwomibadwo, makola ena opanda denga amasiyira mvula ndowe zimene zikanayenera kututidwa ndi ngolo kunka kumunda dzinja lisanafike.