Sukulu za New York ndi Chicago pa Mliri wa Fuluwenza wa 1918

Omvera ambiri akukumbukira kuti pa 23 Malichi 2020 boma lidatseka sukulu zonse muno m'Malawi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndi kuti zidayamba kutsegulidwanso pa 7 Seputembala chaka chomwecho. Belu litaliranso, pakhomo paliponse padali funso limodzi: kodi mwanayu apite, kapena ayambe wakhala? Nkhani ya sabata ino ikubwerera m'mbuyo zaka zoposa 100, ku dziko la America, kumene makolo a m'mizinda iwiri ikuluikulu adakumana ndi funso lomwelo mliri uli pachimake.

Mliriwo udali wa fuluwenza, chimfine choopsa chimene chidafala pa dziko lonse m'chaka cha 1918, Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse ili pafupi kutha. Akatswiri amati chidapha anthu pafupifupi 50 miliyoni. Nalo dziko la Nyasaland silidapulumuke, poti nthendayo idafika kuno kumapeto kwa chaka chomwecho. Ku America idakula kwambiri m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, kuyambira ku doko la Boston. Munthu amatha kugwidwa lero, pakutha masiku awiri kapena atatu n'kukhala akubanika, nkhope itachita bii chifukwa chosowa mpweya. Mankhwala ochiza padalibe, ndipo madokotala sadali kudziwa n'komwe chimene chidali kuyambitsa nthendayo. Kachilombo kake kadadzapezeka pambuyo pake, m'chaka cha 1933.

Mizinda yambiri idaona kuti chanzeru n'kutseka. Ku Philadelphia akuluakulu adalola anthu okwana 200,000 kusonkhana m'misewu pa 28 Seputembala, pa chionetsero chosonkhetsa ndalama za nkhondo, ndipo pamene ankatseka sukulu ndi matchalitchi pa 3 Okutobala, madzi adali atafika kale m'khosi. Ku St. Louis mkulu wa zaumoyo, Dokotala Max Starkloff, adatseka msanga. Ku Los Angeles aphunzitsi adayamba kutumizira ophunzira akuluakulu ntchito kudzera pa positi. Koma mizinda ya New York, Chicago ndi New Haven idakana kutseka sukulu zake.

Ku New York maganizo amenewa adachokera makamaka kwa mayi wina, Dokotala S. Josephine Baker, amene adali kuyang'anira nthambi ya umoyo wa ana kuyambira pamene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1908. Iyeyu ndiye adalimbikitsa mkulu wa zaumoyo mumzindawo, Dokotala Royal S. Copeland, kuti ana apitirize kuphunzira. Mfundo yawo siidali yakuti maphunziro ndi ofunika kuposa moyo. Iwo ankati sukulu ndi malo otetezeka kuposa kunyumba. Kwa munthu wozolowera mudzi wa bwalo lalikulu ndi mphepo yabwino, mawu amenewa ndi odabwitsa, koma tiyenera kuona m'mene mabanja a mumzindawo ankakhalira. Mwa ana a sukulu pafupifupi miliyoni imodzi, okwana ngati 750,000 ankakhala m'nyumba zosanjikana zalendi, banja lonse m'tizipinda tiwiri kapena titatu, tina topanda zenera lopenya kunja. Ambiri adali ana a anthu obwera kuchokera ku Italy ndi kum'mawa kwa Ulaya, amene ankagwira ntchito tsiku lonse. Sukulu ikadatsekedwa, mwana wotere sakadakhala phee m'nyumba. Akadakhala ali pamsewu ndi anzake, popanda munthu wamkulu woona kuti wayamba kutsokomola.

Tsono Dokotala Baker sadali kungolankhula zapakamwa. New York idali ndi anamwino a m'sukulu kuyambira m'chaka cha 1902, pamene Lina Rogers adalembedwa ntchito yotere koyamba, ndipo pofika 1918 kuyeza ana m'sukulu kudali chizolowezi. Mliri utafika, adangoumitsa malamulo. Ana sankaloledwanso kuunjikana pabwalo podikira belu. Aliyense ankalunjika m'kalasi mwake. M'mawa uliwonse mphunzitsi ankayang'ana ana ake mmodzimmodzi, kufuna wa mamina, wa maso ofiira, woyetsemula kapena wotsokomola. Wopezeka ndi zizindikiro ankamupatula m'chipinda china kuti dokotala kapena namwino amuone. Akakhala kuti thupi latentha, wa zaumoyo ankamuperekeza mpaka kwawo, n'kukaona ngati pakhomopo angathe kusamalidwa. Ngati ayi, ankamutumiza kuchipatala. Ana athanzi ankabwerera kunyumba atanyamula timapepala tofotokozera makolo m'mene angasamalire wodwala. Motero sukulu idasanduka njira imene boma linkalowera m'nyumba zimene pakadapanda apo silikadafikamo.

Komabe makolo a ku New York adali ndi chifukwa chomveka chochitira mantha. Zaka ziwiri zokha m'mbuyomo, m'chaka cha 1916, mliri wa poliyo udagwira anthu pafupifupi 9,000 mumzindawo, nupha oposa 2,000, ambiri mwa iwo ana aang'ono. Nthawi imeneyo boma lomwelo lidachedwetsa kutsegula sukulu, ndipo mabanja amene adali ndi ndalama adathawitsira ana awo kumidzi. Mayi amene adauzidwa mu 1916 kuti mwana asayandikire ana anzake, mu 1918 adali kuuzidwa kuti amutumize m'chipinda cha ana makumi angapo. Kukayika kwake kudali kwa munthu wokumbukira bwino, osati kwa mbuli.

Kumene mantha a makolo adaonekera poyera kwambiri ndi ku Chicago. Mkulu wa zaumoyo kumeneko, Dokotala John Dill Robertson, adali ndi maganizo ofanana ndi a anzake a ku New York, ndipo sukulu za ana pafupifupi 500,000 zidakhala zotsegula. Iye ankakhulupirira kwambiri mpweya wabwino. Adalamula kuti mazenera a m'makalasi azikhala otsegula ngakhale kunja kudali kutayamba kuzizira, ndi kuti moto wotenthetsa zipinda uwonjezedwe. Mwana wooneka kuti akudwala ankabwezedwa kwawo.

Makolo sadachite chipolowe, ndipo sadafunikire kutero. Adangosunga ana awo m'nyumba. Kuchiyambi kwa Okutobala ana okwana 30 mwa 100 alionse sankafika kusukulu, ndipo mwezi usadathe chiwerengerocho chidafika pafupifupi theka. Ena mwa anawo adalidi odwala, koma ambiri adali bwinobwino. Dokotala Robertson sadakondwe nazo. Adati makolowo agwidwa ndi nthenda ina imene adaitcha "fluphobia", kutanthauza kuopa fuluwenza kopitirira muyeso.

Mawu amenewa sadali achilungamo. M'masabata omwewo boma la mzindawo lidatseka nyumba za kanema ndi malo ovinira, ndipo lidachepetsa chiwerengero cha anthu ololedwa kusonkhana pamaliro. Bambo amene waletsedwa kukaika mnansi wake chifukwa kusonkhana n'koopsa, angamve bwanji kuti kusonkhana kwa ana m'kalasi kulibe vuto? Akuluakulu adali ndi yankho lawo, lakuti m'kalasi muli woyang'anira pamene m'nyumba ya kanema mulibe. Koma kholo silinkaona zochitika m'kalasimo. Chimene linkaona ndi ngolo za maliro zodutsa pamsewu wake. Boma lidali ndi mphamvu yotsegula chitseko cha sukulu, koma chitseko cha nyumba chidali m'manja mwa mwini mwana, ndipo ku Chicago theka la makolo lidadzitsekera lokha sukulu imene boma lidakana kutseka.

Nanga adalondola ndani? Ku New York mliriwo udapha anthu osakwana 5 mwa 1,000 alionse. Ku Boston adaposa 6, ndipo ku Philadelphia adaposa 7, chonsecho mizinda iwiriyi idatseka sukulu. Dokotala Copeland adanyadira ziwerengero zimenezi. Koma sizikutsimikiza kuti kutsegula sukulu ndiko kudapulumutsa anthu. New York idachitanso zina zambiri: idasinthanitsa nthawi zoyambira ndi zowerukira ntchito kuti anthu asadzazane m'sitima zoyenda pansi pa nthaka, idapatula odwala, ndiponso idali ndi luso la zaka zambiri polimbana ndi chifuwa chachikulu. Kumbali ina, St. Louis, umene udatseka msanga, udali pakati pa mizinda ikuluikulu imene idataya anthu ochepa. Ndipo pamene sukulu za kumeneko zidatsegulidwanso pakati pa Novembala, odwala adachulukanso, ana ali m'gulu lomwelo, kotero kuti zidatsekedwa kachiwiri. Aliyense wofuna umboni wa mbali yake angathe kuupeza m'chaka chimenechi.

Padali chinthu chinanso chimene chidaoneka bwino pokhapokha mliri utadutsa, akalembera atawerenga akufa monga mwa zaka zawo. Chimfine cha masiku onse chimakonda kupha makanda ndi nkhalamba. Fuluwenza ya 1918 idapha amenewa, koma idalusa modabwitsa pa anthu a mphamvu zawo, a zaka zapakati pa 20 ndi 40. Ana a zaka 5 mpaka 14 ankadwala ambiri, koma ndiwo adafa ochepa poyerekeza ndi misinkhu ina, kaya mumzinda wotseka sukulu kapena wosatseka. Choncho mbali ina ya chipambano cha Dokotala Baker idachokera ku khalidwe la nthenda yomweyo. Ikadakhala poliyo, imene imasankha ana, njira yakeyo ikadatha kubala maliro ambiri.

A msinkhu umene udali pangozi yaikulu adali aphunzitsi amene ankayang'ana ana m'maso m'mawa uliwonse, anamwino amene ankawaperekeza kunyumba, ndiponso makolo eni ake amene ankada nkhawa pakhomo. Mliri utatha ku New York, ana zikwi zambiri adabwerera m'makalasi ali amoyo, koma atataya mayi, bambo, kapena onse awiri.