Dzina la Nodens pa phiri la Lydney

Mu 1928 ndi 1929, Mortimer Wheeler ndi mkazi wake Tessa anafukula mabwinja a kachisi ku Lydney Park, m'dera la Gloucestershire ku England, pa phiri loyang'anana ndi mtsinje wa Severn. Kachisiyo anamangidwa Aroma akulamulira Britain, koma mulungu wopembedzedwamo, Nodens, anali wa eni nthaka, anthu a mtundu wa Celt. Pambali pake panali nyumba ya alendo, malo osambira, ndi chinyumba chachitali cha tizipinda, momwe akatswiri amaganiza kuti odwala ankagona poyembekezera machiritso.

Makoma sanaulule zambiri za mulunguyu. Chimene chinatsala ndi dzina, nalonso losakhazikika: pa zolembedwa za Chilatini limaoneka ngati Nodonti, Nodenti, penanso Nudente. Chimodzi mwa zolembedwazo ndi kachitsulo ka mtovu kamene kanapezeka kale Wheeler asanafike. Pamenepo munthu wina, Silvianus, akudandaula kuti mphete yake yasowa. Akulonjeza Nodens theka la mtengo wake, napempha kuti Senicianus asaone thanzi kufikira ataibweza kukachisi. Pemphero lake ndi laukali ndithu.

Pofuna kumasulira dzinalo, Wheeler anapempha J. R. R. Tolkien, amene panthawiyo anali mphunzitsi wa Chingerezi chakale ku Oxford. M'lipoti la 1932, Tolkien analilumikiza ndi Nuada wa m'nthano za ku Ireland, mfumu ya dzanja lasiliva, ndiponso Nudd wa ku Wales. Tsinde lake analiyerekeza ndi mawu a ziyankhulo za Chijeremani otanthauza kugwira kapena kupeza, ndipo anaona mwa Nodens mlenje wotchera misampha.